Kamera Yoyang'ana Telala

"Bwezani m'mbuyo pang'ono, alamu," anatero telala atawerama pa foni imene inali patebulo lodulira nsalu. "Deresi laukwati silingatuluke lokha m'shopu muno."

Mlamu wakeyo, mchimwene wa mkazi wake, ndi amene anaika kamera m'shopumo mwezi wapitawo, pakuti imeneyo ndiyo inali ntchito yake. Tsopano anamuitana kuti aonetse ngati chinthucho chimagwiradi ntchito. Deresi la mwini, lomwe analipachika pafupi ndi chitseko, linasowa dzulo lake masana, ndipo ukwatiwo unali Loweruka lomwelo.

Mkazi wa telala anaima chapatali, akupinda nsalu imene anali ataipinda kale. Iye yekha ndiye ankadziwa zomwe zioneke pa foniyo.

Chithunzi chinabwera chowala bwino. Telala anaoneka atakhala pa makina ake, tepi ili m'khosi, akunyambita ulusi kuti ulowe pa singano.

"Kamera ndi yabwino iyi," mlamu anatero akuseka. "Taonani, alamu, mpaka timvi ta m'ndevu timene mumatibisira. Koma chitseko chili kuti? Ine ndinaiyang'anitsa kukhomo."

Onse anakweza maso. Pamwamba pa shelefu ya ulusi, kamera ija inali itapotoza khosi, diso lake lili pa mpando wa telala.

"Mwina ndi mphepo," anatero mkaziyo chapansipansi.

"Mphepo yodziwa kumasula sikuluwu, achemwali?"

Zonsezi zinayamba ndi mayi wina wa mpango wachikasu. Poyamba anabwera kudzafunsa za siketi, kenako kudzayezedwa, kenako kudzayezedwanso, ngati kuti chiuno chake chimasintha kukacha. Mkazi wa telala anamupezapo akuseka atatsamira makina, ndipo fungo la mafuta ake linakakamira m'nsalu mpaka madzulo. M'mawa wina, mwamuna wake atapita kukagula mabatani, anakwera pa mpando ndi mpeni waung'ono n'kuitembenuza kamerayo. Kuyambira pamenepo, kaya akuchapa kaya akusita kunyumba, foni inkakhala pambali pake. Za olowa m'shopu analibe nazo ntchito. Ankafuna kuona nkhope ya mwamuna wake pamene mayiyo walowa.

"Imani pamenepo," anatero telala. "Mayi uyu ndi amene anabwera nthawi imeneyo."

Pa foni panaoneka msana wa munthu ndi mpango wachikasu. Mayiyo anatambasula manja kuti amuyeze, ataima pakati pa telala ndi chitseko. Telala anaimirira, anavula tepi m'khosi, n'kumwetulira. Mkazi wake analuma mlomo. Kumwetulira kumeneko anali atakuona kambirimbiri, akubweza n'kubwezanso, mpaka foni kutentha m'manja.

"Siyani mano a alamu, taonani pansi apa," anatero mchimwene wake, chala chili pakona ya chithunzi.

Pa simenti panadutsa mthunzi wa munthu wina. Kansonga koyera ka deresi kanaoneka pang'ono, kakukhwekhwereza, kenako kanasowa. Mayi uja anatsitsa manja, anabwerera chafutambuyo akutsanzika, n'kutuluka m'chithunzi.

"Anali awiri," anatero mlamu. Kuseka kunali kutamuthera. "Uyu amakutchingani, mnzake akunyamula. Maulendo onsewa amadzaona pamene mumapachika zinthu. Nsalu ya siketiyo anabweretsapo?"

Telala anapukusa mutu.

"Basi tipeze nkhope yake."

Anafufuza masiku onse amene mayiyo anabwera. Paliponse panali msana, mpango, ndi telala wooneka bwino ngati wa pa chithunzi chaukwati. Kamera ikanakhala pamene anaisiya, onse awiri ikanawagwira nkhope polowa.

"Ndiye mukandifunsa ngati imagwira ntchito, ndinena kuti eya," anatero mlamu akuika foni patebulo. "Imene anaipatsa yaigwira bwino kwambiri. Kungoti wakuba amene imalondera sanabe kanthu."

Palibe anaseka. Mlamuyo anayang'ana mchemwali wake, anayang'ana mlamu wake, kenako anakumbukira kuti akumudikira kwina.

Telala anakoka mpando, anakwerapo, n'kuitembenuza kamera mpaka inayang'ana kukhomo. Atatsika anaimbira mwini deresi. Anamuuza zoona zake, kuti deresi labedwa ndipo asoka lina lisanafike Loweruka. Kulira kwa mtsikanayo kunkamveka m'shopu monse. Dzina la mkazi wake sanalitchule.

Kenako anatsitsa nsalu yoyera imene inatsala, n'kusendeza mpando uja pafupi ndi makina.

"Mukafuna kundiona, mayi, mpando ndi uwu," anatero osakweza mawu. "Pafupi m'pamene ndimaoneka bwino. Tengani mikanda, ntchito ilipo."

Mkaziyo anakhala pansi, manyazi atamugwira mpaka m'zala. Mikanda inkamupulumuka n'kumagubudukira pansi pa tebulo. Anasoka mzere umodzi, anaumasula, anayambiranso. Lumo linkalira m'nsalu.

"Komabe, bambo," anatero pomaliza, maso ali pa singano, "kumwetulira kuja sikunali kwa kasitomala."

Telala anaponda makina. Kamera inali kalikiliki ndi chitseko, choncho mkaziyo anachita kudzutsa mutu yekha kuti aone nkhope ya mwamuna wake.