Lachinayi Amakhala kwa Ilgiz

Sanjar anamwalira kumayambiriro kwa nyengo yozizira, galimoto yake itaterereka pa chisanu ku mpata wa mapiri n'kugwera kuphompho. Anamuika, anthu analira, mwambo wa masiku makumi anayi unachitika ndi nkhosa ndi mapemphero ake. Koma kunyumba kwa mnzake Ilgiz, pa nyumba zosanjikizana za mumzinda wa Bishkek, Sanjar ankayankhulabe Lachinayi lililonse.

Musathamangire za mizukwa, poyamba anali masewera chabe. Ndi masewera aja okhala mozungulira tebulo, pomwe aliyense amadzipekera munthu, kaya wankhondo, kaya wakuba, kaya wansembe, n'kumayankhula ngati iyeyo. Mmodzi amatsogolera. Iyeyo ndiye amanena za dziko, za mvula, za zilombo, ndipo amayankhulira anthu ena onse okumana nawo m'njira. Ukafuna kuchita chinthu chovuta umaponya dayisi ya mbali makumi awiri, koma nambala yofunika kuti zitheke amaidziwa mtsogoleri yekha, kuseri kwa katoni imene amaimika patsogolo pake. Ilgiz anali mtsogoleri, ndipo pa malamulo anali wouma mochita kunyansa. Ukaperewera ndi imodzi walephera basi, ngakhale ugubuduke pansi.

Kwa zaka zambiri Sanjar ankasewera Dobul, wansembe wa Mayi wa Mipata, mulungu woyang'anira apaulendo amene anampeka yekha. Pa mapu, Dobul anali kafupa ka mwendo wa nkhosa kopaka utoto wofiira, kaja amaseweretsa ana pabwalo. Mwiniwakeyo kumzikiti ankangopondako pa maliro, koma Dobul wake, ha! ankadalitsa ndi mahatchi omwe.

Atakumananso maliro atapita, anatsala atatu: Ilgiz, Gleb wa pakamwa posatseka, ndi Nazik wa mawu ochepa koma olasa. Masewera ali m'kati wankhondo wa Gleb anabayidwa, ndipo onse mosazindikira anatembenukira ku mpando wopanda munthu. Pamenepo Ilgiz anangomva pakamwa pake patseguka.

"Gona pansi, mwana wanga, ndipo usandidetsere mkanjo."

Anali mawu a Sanjar enieni, osasa, ndi kachifuwa kake kakumapeto kaja. Nazik anathawira kukhitchini. Gleb anaseka, n'kuseka, mpaka kusekako kunasanduka kulira. Kuyambira tsikulo Dobul ankayenda nawo, Ilgiz akumuyankhulira.

Kunena zoona zinkamuopsa Ilgiz. Mawuwo anayamba kubwera osaitanidwa. Pogula buledi ankapezeka watsokomola chifuwa chosakhala chake. Patebulo ankanena nthabwala zimene sanaziganizepo, n'kudabwa nazo limodzi ndi anzake. Komabe sabata yonse ankangoyembekeza Lachinayi ngati mwana wodikira bambo ake pamsewu. Anali atakula ndi Sanjar kuyambira ali timakanda, ndipo mawu amenewa ndiwo okha amene anatsala nawo. Sakanalola munthu kumulanda.

Lachinayi lina masana, utsi wa malasha utaphimba mzinda moti mapiri osaoneka, kunamveka kugogoda. Anali Meerim, mlongo wake wamng'ono wa Sanjar, atanyamula kamtolo ka nsalu yoyera. Anavula nsapato, naika mtolowo patebulo n'kumasula. Munali boorsok, timandasi ting'onoting'ono tikadali totentha, ndipo fungo la mafuta linadzaza chipinda.

"Achimwene, amayi akupereka moni," anatero kwa Ilgiz. "Ine ndabwera kudzasewera."

"Eee, takulandira!" anafuula Gleb, dzanja lili kale m'mandasi. "Utenge wankhondo, mlongo. Sipafunika kuganiza, taona ine."

"Umboni wake ndi umenewo," anatero Nazik, akuthira tiyi.

Meerim anayang'ana mpando wa mchimwene wake, anaulambalala, nakoka kampando ka kukhitchini. Ilgiz anaona, koma anatsegula buku la malamulo ngati palibe kanthu. Anamufotokozera kuti wosewera watsopano amayamba wasankha chiyambi cha munthu wake, kutanthauza kumene anakulira ndi ntchito imene ankagwira ulendo usanayambe. Pali msilikali, wamalonda, mwana wa m'misewu, mlenje, mtumiki wa kachisi. Ukasankha, mtsogoleri amakufunsa mafunso, ndipo akaona kuti munthu wakoyo sakukwana m'nkhani, ali ndi mphamvu yokana.

Meerim sanadikire kuti amalize. Anaika chala pa mtumiki wa kachisi.

"Wansembe tili naye kale," anatero Ilgiz.

Anazimva yekha atazinena kale. Gleb anasiya kutafuna, tsaya lili tu.

"Ndikudziwa, achimwene," anayankha Meerim mofatsa. "Funsani mafunso anu."

Ilgiz anayamba kufunsa. "Ukutumikira mulungu uti?"

"Mayi wa Mipata."

"Umamudziwa bwanji iweyo?"

"Inu! Sanjar ndinkagawana naye khoma, usiku ndi usiku akuyeserera madalitso ake. Ndingakuimbireni ndi nyimbo yake yomwe."

"Pepa, usatero," anatero Gleb. "Tinavutika nayo mokwanira."

Ilgiz sanaseke. "Kukachisi ntchito yako inali yotani?"

"Kukazinga mandasi Lachinayi, kuti fungo la mafuta likafike kwa akufa, adziwe njira ya kwawo."

Ameneyu sanali mwambo wopeka, ndipo aliyense patebulopo ankaudziwa. Ndi umene amachita amayi m'nyumba zambiri mumzindamo: Lachinayi amatenthetsa mafuta, fungo n'kukwera, mizimu ya pabanja n'kubwera kudzalimva. Nazik anachotsa dzanja pa mandasi pang'onopang'ono. Ilgiz anayang'ana kamtolo kaja. Funso lomaliza analidziwa yankho lake asanafunse, koma lamulo ndi lamulo.

"Unachokeranji kukachisi?"

"Anandituma kukatenga m'bale wathu amene sakubwera."

"Ayi," anatero Ilgiz, n'kutseka buku. "Chiyambi chimenechi sichikukwana m'nkhani yathu. Tenga mlenje. Mlenje ndi wabwino, ali ndi uta."

"Aise," anayamba Gleb.

"Iwe khala chete! Mtsogoleri ndani pano?"

Meerim sanakweze mawu. Anagwira kambale ka tiyi ndi manja awiri, maso ali pa kafupa kofiira pa mapu.

"Achimwene, amayi sadziwa kuti mumachita chiyani kuno. Ine sindinawauze, ngakhale Nazik anandiuza kalekale. Iwo Lachinayi lililonse amakazinga. Amatsegula zenera, kuzizira konseku, n'kukhala pansi kudikira. Bambo amabwera kutulo kwawo. Agogo amabwera. Sanjar sanabwerepo." Anapuma pang'ono. "Sabata yatha ndiye amulota. Akuti waima pakhomo, jasi ali chivalire, nsapato osavula. Amayi akuti, mwana wanga lowa, mafuta atentha. Iye akuti, amayi, inunso mukudziwa, Lachinayi ndimakhala kwa Ilgiz."

Nazik anagwira pakamwa. Ilgiz anafuna kuseka, chifukwa ndi mawu amene Sanjar ankanena ali moyo, sabata ndi sabata, akuthawa chakudya cha kunyumba. Amayi okalamba amalota zimene anamva, chodabwitsa n'chiyani? Anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, koma chimene chinatuluka ndi kachifuwa kaja. Meerim anadzidzimuka, tiyi n'kutayikira pa zala zake. Aka kanali koyamba kukamva chimwalirire mchimwene wake.

Ilgiz anachita manyazi aakulu, ndipo pansi pa manyaziwo panali mkwiyo. Kodi iye analibe gawo pa malemuyu? Mayi ali ndi manda, ali ndi zithunzi, ali ndi mwana wina. Iye ali ndi chiyani? Koma ankawaonanso mayiwo m'maganizo, amene ankamupatsa chakudya ali mwana osamusiyanitsa ndi wawo, atakhala pa zenera lotsegula mafuta akuzizira m'poto.

Anatsegulanso buku. "Dzina la munthu wako?"

"Meerim yemweyo. Sindidziwa kupeka."

"Chiyambi ndachilola," anatero, mawu ali gwa. "Koma pano timasewera ndi malamulo. Ukafuna kuti Dobul akumvere, uponya dayisi ngati wina aliyense. Ukalephera, nkhani yatha."

"Ndamva, achimwene."

Anayamba kufotokoza, ndipo luso lake silinamuthawe. Gulu lili pa mpata wa phiri, mphepo ikuwomba, mahatchi atopa. Dobul wakhala pamwala, akukoleza nyali yake. Kumunsi kukubwera mtsikana wovala mkanjo wa kachisi, atanyamula kamtolo. "Wafika pamaso pake. Ukuti chiyani?"

Meerim sanayang'ane kafupa. Anayang'ana Ilgiz m'maso.

"Achimwene, amayi akudikira. Tiyeni kunyumba."

Mawu aja anabwera okha, osasa, aulesi, akumwetulira. "Kawauze ndikubwera. Kangotsala pang'ono."

Gleb anaweramitsa mutu patebulo. Ndi mmene Sanjar ankayankhira foni ya amayi ake pa mpando womwewo. Misozi inatsika pa masaya a Meerim koma sanaipukute.

"Ayi, achimwene. Mwakhala mukunena zimenezo. Lero."

"Ponya," anatero Ilgiz ndi mawu ake.

Kuseri kwa katoni anali atalemba kale nambala yofunika: khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anaikweza dala, Mulungu amukhululukire. Meerim anatenga dayisi ya Nazik, anaigwedeza mosazolowera, n'kuiponya. Inagubuduka pa mapu, inagunda kambale, n'kuima. Zitatu.

Onse ankamudziwa Ilgiz, munthu amene analola wakuba wa Nazik kufa chifukwa cha nambala imodzi, Nazik n'kukhala mwezi osamuyankhula. Zitatu sizitsegula ngakhale chitseko chosakhoma. Akanangonena mawu amodzi, Dobul akanatsala pamwala paja, ndipo palibe akanamunena kuti wabera. Meerim anayang'ana nkhope zawo n'kuzindikira. Anayamba kupinda nsalu yake mwakachetechete.

Ilgiz anayang'ana nambala imene analemba. Anaiphimba ndi chikhatho.

"Zakwana," anatero.

Gleb anadzutsa mutu, anatsegula pakamwa, Nazik n'kumuponda phazi.

"Dobul akuimirira," anapitiriza Ilgiz. "Akukupatsa nyali. Akutembenukira kwa anzake, akuti..."

Anadikira. Pa mfundo ngati imeneyi mawu ankabwera okha, ndi nthabwala yake, ndi kachifuwa. Anadikirabe. Anayesa kusasitsa mmero, anayesa kutsokomola, koma chinatuluka chifuwa cha Ilgiz, chouma, chamunthu wamba. Panja basi inadutsa. Fungo la mafuta linali litachepa m'chipinda, mandasi atazizira.

"Akuti chiyani?" ananong'ona Nazik.

"Sindikudziwa," anatero Ilgiz. "Wapita osatsazika."

Meerim anatola kafupa kofiira, anakakulunga mu nsalu ija, n'kuika m'thumba la jasi. Kenako anatambasula manja monga amachitira pomaliza chakudya cha malemu, ndipo onse anatambasula, ngakhale Gleb amene si mwambo wa kwawo, n'kupukuta kumaso ndi zikhatho.

"Ndithamange," anatero akuvala nsapato. "Amayi sanatsekebe zenera."

Chitseko chitatsekeka, Ilgiz anakhala akuyang'ana mpando uja. Miyezi yonseyi unali mpando wa Sanjar. Tsopano unali mpando basi, wa mwendo umodzi womanga ndi waya. Apo m'pamene anaika nkhope m'manja n'kulira maliro a mnzake, amene kumanda kuja sanalire.