Waya Mmodzi wa Alamu Anga

Foni ya Dobrila inandipeza ndili chagada pansi pa thirakitala ya eni ake, nthawi itangopitirira naini koloko, dzuwa la mu Juni, mwezi wotentha kwathu kuno, litayamba kale kuwotcha malata a galaja.

"Achemwali, bwerani msanga," anatero monong'ona. "Vani yabwata pa chitunda cha Irig. Njuchi zili m'kati, ming'oma yonse yotseka. Koma musadzanene kuti ndakuimbirani ndine."

"Nanga injiniya wakoyo ali kuti?"

"Alipo. Akuti akonza okha."

Asa! Ndinaponya mawaya ndi bokosi langa la zida m'galimoto, n'kuiliza ndisanasambe ndi m'manja momwe.

Injiniyayo ndi Gvozden, mwamuna wa mng'ono wanga Dobrila. Anakhala ku Germany zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akusesa pansi mu fakitale ya mabawuti, n'kubwerako atasanduka katswiri wa chilichonse chokhala ndi chitsulo. Satifiketi yake ndi jekete lachikopa basi. Zaka zonsezo Dobrila anali pakhomo yekha, akulera ana awiri ndi njuchi. Anayamba ndi mng'oma umodzi umene anasiya mayi athu, n'kufikitsa makumi awiri, ndipo uliwonse ankaudziwa khalidwe lake: uwu ngwaukali, uwu ngwaulesi, uwu sufuna kuutsegula kunja kukachita mitambo. Chaka ndi chaka mitengo ya lipa, imene njuchi zimaikonda kwambiri, ikachita maluwa paphiri la Fruška Gora, ankapeza lole yopanda denga n'kusamutsira njuchizo kumeneko mbandakucha, mphepo ikuziwomba njira yonse. Sanatayepo ngakhale mng'oma umodzi.

Atafika bwana wa ku Germany anati zimenezo n'zachimidzimidzi. Mu Januwale anagula vani yakale kwa munthu wina wophika buledi ku Ruma, n'kudzitsekera nayo m'shedi miyezi inayi. Mu Meyi inatuluka ngati mkwatibwi. Mashelefu achitsulo omangirapo ming'oma, mafani awiri padenga, makoma a m'mbali otseguka okha ukangodina batani, hutala yoimba nyimbo, ndiye kumphuno kwake anamangako zitsulo zonyezimira zoti ukayandikira umadziona mano. Ine ndagwira magetsi a galimoto zaka makumi atatu, chiyambire pamene bambo athu anandisiyira zida poti mwana wamwamuna analibe. Nditanena kuti mawaya ndimuikire ndine, anandisisita paphewa.

"Alamu, inu pitirizani ndi mathirakitala anuwo. Izi n'za ku Ulaya."

Ngati kuti enafe tinabadwira kumwezi! Ndinangoti chabwino, safunsa anadya phula.

Tsikulo anayenera kunyamuka folo koloko, kunja kusanafunde. Ananyamuka seveni, chifukwa mlamu wanga ankafuna aneba akhale atadzuka, aione ikutuluka. Ndinawoloka mtsinje wa Sava, n'kudutsa Ruma ndikutukwana lole iliyonse yondichedwetsa, ndipo ndinawapeza teni koloko itadutsa. Vani inali m'mbali mwa msewu moyang'anana ndi kafana, kanyumba kogulitsa khofi ndi mowa, padzuwa penipeni, boneti ili yasaa. Amuna anayi a mu kafanamo anali ataizungulira, aliyense ndudu kapena katambula ka rakiya, kachasu wa kuno, m'manja, mitu m'injini ngati nkhuku pa madeya.

"Chotsani themositati, madala. Ine yanga ndinachotsa kalekale, mpaka lero ikuyenda."

"Iyayi, imeneyo ndi gasiketi. Tamvani fungolo."

"Thiranimo rakiya, imaziziritsa ndi mtima womwe!"

Gulu lonse gwedee kuseka. Pansi panali mabotolo asanu ndi limodzi a madzi ogula, onse atathera mu redieta.

Ine ndinayamba ndazungulira kumbuyo. Dobrila anali atatsegula zitseko, akunyowetsa matumba n'kumafunditsa ming'oma iwiri yoyambirira, yokhayo imene mkono wake unkafikira. Njuchi zikakhala pamtendere zimalira pansipansi, mwaulemu. Izi zinkabangula. Pansi pa vani pankadontha uchi, dontho limodzilimodzi, pafumbi.

"Batani silikugwira," anatero osandiyang'ana. "Makoma sakutseguka, mafani a padenga aima. Ming'oma anaimanga ndi mabawuti a mutu wa nyenyezi, ndipo kiyi wake watsala kunyumba. Phula layamba kusungunuka, achemwali."

Nkhope yake inali italumidwa m'malo atatu, koma iye samadziwa n'komwe.

Gvozden anatulukira, jekete lija lili pathupi, thukuta likuyenderera m'khosi. "Ndani waitana alamu?"

"Palibe. Fungo la waya wopsa landipeza ndili kugalaja. Tasunthani."

"N'zazing'ono izi. Ikangozizira..."

"Alamu, tasunthani ndisanakusunthitseni."

Nkhalamba ina ya ndevu zachikasu ndi fodya, imene anzake ankaitchula Milisav, inandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumpango. "Mayi, mmisiriyo akubwera m'mbuyo?"

"Mmisiri ndi amene mwamutsekera njirayu, agogo. Gwirani tambula yanu ndi manja awiri, ingatayike."

Sindinavutike kufufuza. Nditangogona pansi pa chiwongolero zonse zinali poyera. Koma abale inu! Fani ya redieta, mafani a padenga, mamota otsegula makoma, hutala ya nyimbo ija, zonsezo anazikoleka pa waya mmodzi woonda ngati chingwe cha nsapato. Wayayo anali atasungunuka kuyambira kubatire mpaka kuseri kwa mpando, pulasitiki yake itasanduka phala lakuda. Nditasolola fyuzi ndinaipeza itakulungidwa m'kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu.

Ndinaikweza m'mwamba kuti akatswiri onse aja aione. "Izinso n'za ku Ulaya?"

"Inapsa kawiri tisanafike pa Ruma," anatero Gvozden. "Ndinangoithandizira."

"Fyuzi imapsa kuti galimoto isapse, alamu. Inkakuuzani kuti pali vuto, inu n'kuitseka pakamwa."

Ndinadula waya wokhuthala pa mpukutu wanga, n'kumukoka kuchokera pabatire kulowera kumbuyo.

"Mukupita kuti? Yambani ndi injini!" anakuwa Gvozden.

"Injini ikazizira imadzuka. Njuchi ikapsa yapsa."

Ndinagunditsa waya pa mota yoyamba. Khoma lamanzere linalira kwee, n'kuyamba kukwera pang'onopang'ono, kenako lamanja. Mpweya umene unatuluka m'menemo unatibweza m'mbuyo tonse, wotentha ngati wa mu uvuni, wonunkhira uchi koma ndi kafungo kena kamene sindinakakonde. Ndinalumikiza mafani a padenga, ndipo Dobrila anayamba kuthamanga uku ndi uku akuwaza madzi pa sefa za pamwamba pa ming'oma. Makomo sakanawatsegula pamenepo, pamsewu wodzaza magalimoto ndi anthu. Tinayenera kufika kunkhalango, makilomita asanu ndi awiri okha kukwera phiri.

Ndiye ndinabwerera kuinjini. Fani ya redieta ndinaipatsa waya wakewake, fyuzi yakeyake ndi rileyi, kachipangizo koyatsira, imene ndinachotsa m'galimoto yanga. Mphindi khumi ndi zisanu. Nditamuuza kuti alize injini, fani inayamba kuzungulira mwamphamvu, ndipo mukudziwa zimene anachita a Milisav? Anamenya Gvozden pamsana.

"Ndinakuuzani, achimwene, kuti ndi waya! Mwaikhoza!"

Ndinaluma mlomo. Panali china chimene chinkandivutabe: vani yopanda vuto sitentha isanafike ndi pa Ruma pomwe, pamene msewu uli see ngati tebulo, ndipo fani siyenera kuzungulira osapuma mpaka kupsereza fyuzi kawiri. Ndinalowetsa dzanja kuseri kwa redieta. Fani inkalira ndithu, koma mphepo kunalibe. Inkangokoka pouma.

"Ndipatseni sipanala ya teni."

"Zitsulo zangazo musazikhudze, alamu. Ndinachita kuitanitsa."

Ndinamasula mabawuti asanu ndi atatu, zonyezimira zija n'kugwera pafumbi. Kuseri kwake, chitatsamira redieta yonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, kunali chikatoni cha yisiti, chakuda ndi mafuta.

Kwathu kuno ngakhale mwana wa sukulu amadziwa. Chisanu chikafika aliyense amatsekera chikatoni kutsogolo kwa redieta kuti injini ifunde msanga, ndipo chipale chofewa chikasungunuka amachichotsa. Wophika buledi uja anagulitsa vani mu Januwale ili ndi chikatoni chake, monga munthu aliyense wanzeru. Mlamu wanga anamangira zonyezimira zake pamwamba pake. Bawuti imodzi inachita kuchiboola pakati penipeni, kutanthauza kuti anachiona ndi maso ake, anachigwira ndi manja ake.

"Ndinkayesa kuti ndi mmene anaipangira," anatero ndi mawu aang'ono. "Ku Germany saika makatoni."

"Ku Germany saika, eti? Nanga munabadwira kuti? Bambo anu ankaika chiyani pa thirakitala yawo, bulangete la ku Ulaya?" Ndinatembenukira akatswiri aja. "Inunso, amuna anayi a ndevu zanu, aliyense ali ndi chikatoni chake m'shedi chodikira Disembala, maola awiri mitu ili m'injini, palibe ndi mmodzi yemwe anasuzumira kumphuno!"

"Zimanyezimira kwambiri, mayi," anatero Milisav. "Tinaopa kudetsa."

Chikatonicho ndinachipatsa iyeyo kuti akakhalire. Ndinauza Gvozden akwere m'galimoto yanga azititsatira, vani n'kuyendetsa ndine, makoma ali otsegula, Dobrila ali pambali panga atatembenukira kumbuyo njira yonse. Muvi wa kutentha sunasunthe ngakhale pang'ono mpaka pamwamba pa phiri. Ndinganame, mumtima ndinkasangalala. Ndinali nditayamba kale kukonza mmene ndikaifotokozere nkhaniyi kwa makasitomala anga.

Tinafika pansi pa mitengo ya lipa dzuwa lili paliwombo. Nkhalango yonse inkanunkhira maluwa, ndipo ming'oma ya anthu ena inali itandandalikidwa kale pamthunzi, njuchi zawo zili pikitipikiti. Kiyi wa nyenyezi ndinali naye m'bokosi langa, poti mabawuti otere si ku Germany kokha. Tinatsitsa ming'oma yonse, Dobrila n'kuyamba kutsegula makomo umodziumodzi.

Woyamba zinatuluka, zaukali ngati moto. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu zinatuluka zochepa, zikukwawa. Wachinayi chete. Anagogoda ndi chala, n'kuika khutu, chete. Anapita pa wachisanu. Atafika kumapeto, ming'oma isanu ndi umodzi yokha ndiyo inali ndi moyo. Khumi ndi inayi inangoti duu. Anavundukula chivundikiro cha umodzi: zisa zonse zinali zitagwera pansi, njuchi zitada bii, zonyowa, zitamira mu uchi wawo womwe. Unali mng'oma wobiriwira wakale uja wa mayi athu.

Gvozden anayandikira atavula jekete. "Usadandaule, mayi a Jasna. Ndikugulira zina, za ku Germany, zosaluma n'komwe."

Dobrila sanamuyang'ane. Munthu uja anaima kanthawi manja ali lende, kenako anapita kukakhala pa chitsa patali.

Ine pakamwa panga sipadziwa nthawi yotseka. Mkwiyo unali utandidzaza, ndipo ndinkafuna mng'ono wanga adziwe kuti ndili mbali yake.

"Waona chitsiru chako? Waya mmodzi! Ine ndinadziwiratu tsiku lomwe lija anaitulutsa m'shedi. Nditangosuzumira pansi pa chiwongolero ndinati, ehee, ameneyu sakwera naye chitunda, adzapsa pamsewu anthu akuona, ndiye tidzaone Ulaya wakeyo..."

Dobrila anaika chivundikiro pansi pang'onopang'ono.

"Munamuona wayayo?"

Ndinawerama n'kuyamba kutolera zida zanga.

"Mu Meyi muja, achemwali? Munamuona?"

"Ndinkafuna aphunzire, Dobrila. Anandinyoza pamaso pa anthu. Ndinkati ikadzafa pamsewu adzabwera yekha kudzapepesa."

"M'vanimo mumati mudzakhala chiyani? Mabuledi?"

Sanakweze mawu. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, kukalipirana ndimakutha. Anangondiyang'ana ndi diso limodzi, linalo litatsekeka ndi kutupa.

"Awo ndi chitsiru, ndinakwatiwa nawo ndikudziwa. Sadziwa kuti sadziwa. Koma inu ntchito mumaidziwa. Mwezi wathunthu mwakhala mukubwera kwathu, kumwa khofi wanga, kutenga uchi wanga, osandinong'oneza ngakhale liwu limodzi."

Ndinafuna kunena kuti za chikatoni sindinkadziwa, ndipo zinali zoona. Koma waya akanakhala wabwino, injini ikanabwata yokha, makoma akanatseguka, mafani akanazungulira, njuchi zikanadikira pamphepo mpaka madzulo. Zimenezo palibe amene ankazidziwa bwino kuposa ine. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

Dobrila anatola thumba limodzi mwa aja ananyowetsa, n'kulikutumula.

"Gwirani, mulitsegule bwino."

Ndinagwira. Anapinda malaya m'mikono n'kuyamba kuwola njuchi ndi manja, dzanja lodzaza, dzanja lodzaza, ndipo thumbalo linkalemera ndili chigwirire. Titatha mng'oma wa mayi, panatsala khumi ndi itatu.