Chitengwa cha Fackson

"Kwanga ine ndikati tinyamuke, ngakhale nkhuku zimamanga katundu," anatero Fackson Miti atakhala pampando wometera wa a Ukasha ku Kapata, mutu utametedwa mbali imodzi. "Mwezi uno ukamatha mudzationa tikudutsa pano pa lole ya kanta, ine, amake Molly ndi ana anga onse, ulendo wa ku Lusaka. Palibe woti ndikamugwadire. Mkazi ndi wanga, ana ndi anga."

"Khazikikani, bwana wa ku Lusaka, ndingakuchekeni khutu," anatero a Ukasha.

Ntchito yokhayo inali yoona. Fackson ankayendetsa galimoto ya sitolo ina ya simenti m'Chipata muno, ndiye kampani ina ya malole ku Lusaka inamutenga pa malipiro oti akafuna kuwatchula ankayamba wacheuka kaye. Nyumba anali atapeza kale ku Chawama, mu Lusaka momwemo, kudzera pa foni, ndipo chithunzi chake tonse tinachiona: chitseko chobiriwira ndi theka la zenera.

Ine ndine Yosefe, nkhoswe ya Fackson, amene ndinamuyankhulira pa ukwati wake. Fackson ndi Mngoni. Kwawo ukapereka ng'ombe, mkazi ndi ana amakhala a kwanu. Koma iye anakwatira Sesiliya, Mchewa wa mudzi wina kufupi ndi Tamanda, ndipo titafunsa za ng'ombe akuchikaziwo anaseka n'kulandira nkhuku ndi khasu basi. Fackson anazungulira tauni yonse akulengeza kuti wakwatira motchipa. Anamanga nyumba kumudzi kwa mkazi monga mkamwini aliyense, iye n'kumagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa a Ukasha, Loweruka n'kumapita kukaona ana. Zaka zonsezi sizinamuvute. Sanaganizepo kuti kuchotsa mkazi pamudzi pa amayi ake, zimene Achewa amati chitengwa, kumachita kupemphedwa.

Loweruka limenelo ndinapita naye. Tinamupeza Sesiliya pakhonde akuswa mtedza wa mbewu.

"Ndamva kuchigayo kuti ndikusamuka," anatero asanatipatse n'komwe moni. "Amene amandiuzayo akudziwa ndi mtundu wa chitseko womwe."

"Ndimati ndikudzidzimutseni, amake Molly."

"Mwandidzidzimutsadi. Ine Lusaka sindikukana, Molly akaphunzire sukulu yabwino. Koma mwapempha?"

"Kupempha chiyani? Kwa yani?"

Sesiliya anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana mtedza.

Ndinayesa kumufotokozera, koma Fackson anati nkhani za amuna zimatha ndi amuna. Anagula shuga ndi buledi pa kagolosale, ulendo kwa apongozi ake aamuna, a Gabrieli, amene tinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka nsapato imodzi. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu, maso ali pa buledi.

"Tengani, mwananga!" anatero. "Tengani onse. Lero lomwe ngati galimoto ilipo."

Fackson ananditsinzinira diso. "Waona? Yatha."

"Kungoti ine pano ndine mlendo ngati inu nomwe," anapitiriza a Gabrieli akunyema buledi. "Ndinabwera tsitsi lili bii. Nanenso ndinapempha chitengwa, Sesiliya ali kumsana. Anati aganizire kaye."

"Ndiye anayankha bwanji, bambo?"

"Akuganizirabe."

Fackson anayang'ana shuga wake ngati amutengenso. "Nanga wopempha kwa iye ndani?"

"Atsibweni ake, a Andireya, mlongo wa amayi ake. Tiyeni ndikuperekezeni, pano palibe amene angandifunefune."

A Andireya amakonza njinga pafupi ndi chipatala cha Tamanda. Tinawapeza atamiza chubu m'beseni, akusaka pobooka. Ndinayankhula ndine monga nkhoswe, ndipo ndinayankhula bwino, ndinatchulamo ndi Mulungu yemwe.

"Mwafika pamalo pake," anatero a Andireya. "Mwini mbumba ndine. Sesiliya ndi wanga, ana akenso ndi anga."

"Anu bwanji?" anadzuma Fackson. Ndinamuponda phazi.

"Ndipo ndavomera. Mwamuna akapeza ntchito sitimugwira mwendo. Tiyeni tsopano kwa alongo anga a Namwale, amake Sesiliya."

"Pepani atsibweni," anatero Fackson, "mwini mbumba ndani?"

"Ndine."

"Wovomereza ndani?"

"Ndine ndemwe."

"Nanga kwa amayi tikukatani?"

"Kukamva zimene ndavomereza."

Panjira Fackson anandikokera pambali. "Yosefe, iwe ukumvapo kanthu?" Ndinati ndikumva zonse, chifukwa nkhoswe sivomera kuti yasokonezeka. Tinayenda anthu anayi mondondozana, a Gabrieli kumbuyo akuimba kanyimbo ka kutchalitchi.

Tsono kumeneko mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake aakazi, ndipo sayankhulana nawo maso ndi maso. A Namwale anakakhala kuseri kwa nkhokwe, ife tikungoona mapazi. Fackson anamukhazika pakampando atayang'ana kumsewu. Iye akanena mawu ankauza ine, ine n'kuuza a Andireya, a Andireya n'kunyamuka kuzungulira nkhokwe kukatula. Yankho linkabwera njira yomweyo, ngakhale mawu a a Namwale amamveka mpaka kuchitsime popanda wowanyamula.

"Akufunsa kuti nyumbayo ndi yotani," anatero a Andireya atabwerako ulendo woyamba.

Fackson anatulutsa foni. Foni inadutsa m'manja mwanga, m'manja mwa a Andireya, n'kuzungulira nkhokwe. Inachedwako.

"Akuti chitseko achiona, n'chokongola. Akufunsa kuti nyumba ili kuti."

"Ili kuseri kwa chitsekocho."

"Akuti munda uli mbali iti."

"Auzeni kuti ku Lusaka salima. Amake Molly sadzagwiranso khasu."

"Akuti ufa?"

"Amagula."

"Chibwabwa cha ndiwo?"

"Amagula."

"Madzi?"

"Amagula pampopi, koma si patali."

A Andireya anali atayamba kupuma mwamphamvu ndi kuzungulirako. Kuseri kwa nkhokwe mawu anatuluka okha, onse tikumva: "Ndiye malipiro ambiriwo ndi ake, kapena ndi a anthu a ku Lusaka, iye wongowasungira?" A Andireya anabwerabe n'kudzatibwerezera mawu omwewo, ine n'kumubwerezera Fackson, amene makutu ake anali atawamva kale kawiri.

Ndinaganiza kuti akalipa. Koma anawerama, n'kuyankhula motsitsa, akuyang'anabe kumsewu.

"Auzeni amayi kuti za mitengo ya zinthu sindinaziwerengere bwino, mwina akunena zoona. Koma ndatopa kuona ana anga Loweruka lokha. Wamng'onoyu akandiona amathawira kwa amake ngati ndabwera ndi jakisoni. Lusaka si Kapata. Ndikapita ndekha adzandiiwala."

Mawu amenewo ndinawapereka momwe analili, osathira mchere. A Andireya anakakhalitsa kuseri kuja. Sesiliya anaitanidwa, kunamveka manong'onong'o, ndipo a Gabrieli, amene palibe anawaitana, anasendera okha pang'onopang'ono mpaka anafikako.

"Akuti sakukana," analengeza a Andireya pobwera. "Koma mwana wawo sangakalowe nyumba imene munthu wa kuno sanaione. Papite wokaona."

"Basi?"

"Basi. Galimoto ibwere."

Fackson anaomba m'manja kuthokoza msewu, poti ndi umene anauyang'ana. Kwa iye nkhaniyi inali yodziwika: kwawo mkazi akamapita kwa mwamuna amakhala ndi womuperekeza, amene amakaona pakhomo, kudya nkhuku, n'kubwerera. Inenso ndinaimva choncho. Palibe anafunsanso china, ndipo pobwerera ku Chipata Fackson anali atayambiranso kuyankhula mokweza. "Anthu amaopa apongozi chabe. Ine ndangowauza kamodzi."

Mvula yodzalira inagwa mlungu womwe tinkayembekeza kanta. Tinapangana ndi dalaivala kuti tiyambe kumudzi kukatenga banja ndi katundu, kenako tidzere ku Kapata kunyamula bedi ndi mbaula ya m'kachipinda kaja, ulendo. A Ukasha ndi makasitomala awo anauzidwa kuti asachoke.

Tinafika kumudzi dzuwa litakwera. Pakhomo pa Fackson panalibe mtolo ngakhale umodzi. Mapoto anali pathandala, zovala za ana zili pachingwe. Pamsewu panaima a Gabrieli, atavala jekete ndi chipewa, chikwama chili m'manja, ndipo pambali pawo a Andireya atatsamira njinga. Sesiliya tinamuona kumunda kuseri kwa nyumba, iye akukumba mapando, Molly akuponya mbewu, ang'onoang'ono akukwirira ndi mapazi.

Fackson anathamangira komweko, nsapato zake zatsopano zikumira m'matope. Ine pambuyo.

"Amake Molly, katundu ali kuti? Galimoto yafika!"

"Katundu wa yani?" Sesiliya anaweramuka, n'kupukuta thukuta. "Wokaona apite kaye. Akabwerako adzanene zimene waona, ife tikakolola tidzaone chochita. Simunamve?"

"Tinamva kuti mupita limodzi!"

"Limodzi bwanji? Ndikalowe m'nyumbamo kenako adzandiuze ngati ndingalowemo?"

Fackson anatembenukira kwa ine. "Yosefe, si iwe unanyamula mawu?"

"Ndinanyamula amene anandipatsa," ndinatero, n'kutembenukira kwa a Andireya, amene anali atafika akukankha njinga.

"Palibe chasokonekera apa," anatero a Andireya. "Munavomera nokha, munaomba ndi m'manja momwe. Kungoti mvula yagwa, mbumba yonse ili m'munda, palibe woti tingamuchotse pakhasu. Amene ali ndi mpata ndi alamu athuwa."

A Gabrieli anakweza chipewa chapatali.

"Chabwino. Ndiye bambo akakaona n'kubwera ndi mawu abwino, basi amake Molly anyamuka?"

"Tidzawamvetsera ndithu, ndi munthu wamkulu. Kungoti iwo pano ndi mlendo, mawu awo sangamange nkhani ya mbumba. Tidzatumanso wina."

"Nanga akupitiranji?"

"Kukaona."

Dalaivala analiza hutala. Ntchito inkayamba Lolemba, ndipo kampani ya malole sidziwa za chitengwa. Fackson anaima pakati pa munda akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene watsika basi pamalo olakwika. Kenako anagwada m'matope momwemo n'kukumbatira ana mmodzimmodzi. Wamng'ono uja sanathawe, koma anamupaka dothi pakolala. Sesiliya anamuperekeza mpaka pamsewu.

"Mukapeze nyumba yoti chithunzi chake chidzakwane chonse mufoni," anatero motsitsa. "Ndipo bambo musawapatse tiyi wambiri, sadzabwerako."

A Gabrieli anali atakhala kale kutsogolo, pampando wa pazenera, chikwama pamiyendo. Fackson anakhala pakati, mawondo atagunda giya. Ine ndinakwera kumbuyo, ndekha, m'kanta yoti ikanatha kunyamula mudzi.

Tikulowa m'tauni ndinamumva akuchonderera dalaivala kuti tingowongoka msewu wa ku Lusaka, bedi akagula komweko.

"Ku Lusaka bedi mukagula ndi chiyani, bwana?" anatero dalaivala. "Mukagona pansi ndi apongozi?" N'kukhotera ku Kapata.

Pa a Ukasha anthu anali atadzaza mpaka mumsewu, ena tsitsi lometedwa theka, amayi ogulitsa tomato atasiya mabenchi awo. Ataona kanta anayamba kuomba m'manja, wina n'kuimba nthungululu. Galimoto inaima. Anthu anathamangira kumbuyo kukaona banja, n'kupeza ine nditagwira chitsulo. M'manja munayamba kuzilala. Chitseko cha kutsogolo chinatseguka, a Gabrieli anatsika mosamala, n'kukonza jekete.

"A Miti," anaitana a Ukasha, makina ometera akulirabe m'manja, "nanga amake Molly ndi ana?"

Fackson sanatuluke. Amene anayankha ndi a Gabrieli, atavula chipewa mwaulemu.

"Ali kumunda, akudzala. Opita ku Lusaka ndife."