Misomali Imene a Merle Anawongola

A Merle Hofstetter anawongola misomali ya pa kagalimoto ka amuna anga. Anachita zimenezi Loweruka lapitali m'chipinda chapansi pa tchalitchi chathu, ndi pulayazi yawo ya zogwirira zofiira ija, ine ndili kukhitchini kudula makeke. Sanandifunse. Ndayamba ndi dzina lawo dala, kuti wina asadzanene kuti Verna Brandvold amalankhulira m'mbali.

Inu amene simutsika kudzaonera mpikisano mwina muziti ndikulirira chidole. Mu Febuluwale, ana akamaliza kuthamangitsa timagalimoto tawo, imafika nthawi ya akuluakulu. Aliyense amakhala atapatsidwa kachidutswa ka paini, matayala anayi, ndi misomali inayi yomwe matayalawo amazungulirapo. Injini mulibe. Amatindandalika pamwamba pa njanji yotsetsereka, wina n'kukoka kachitsulo, tokha n'kutsika. Amuna anga a Lyle anayamba zimenezi tsitsi lili lakuda, anapitiriza mpaka linathothoka lonse.

Timagalimoto ta a Lyle tinkayenda ndi matayala atatu. Limodzi lakutsogolo ankalikweza pang'ono, poti pepala n'kudutsa pansi pake, ankati tayala losakhudza pansi silichedwetsa. Msomali wa linzake lakutsogololo ankaupinda pang'ono zedi, poti diso silingaone, kuti kagalimoto kazitsamira kamzere ka pakati pa njanji m'malo momenya uku ndi uku. Tauni yonse inkadziwa. A Merle ankadziwa kuposa aliyense, poti chaka ndi chaka ankathera kumbuyo kwawo.

"A Lyle, kagalimoto kanuko n'kotsimphina ngati mwini wake," ankatero a Merle.

"Kotsimphinako mukaone bwino kutsogoloku, mkulu," a Lyle ankayankha. "Tikayamba muziona kumbuyo kwake kokha."

Kuyesa kwake kunkachitikira pa tebulo langa lodyera. Ankakweza miyendo iwiri ya tebulolo ndi mabuku a manambala a foni, iwo n'kuima kumtunda, ine n'kukhala pa mpando wanga chakumunsi kumanzere. Akakasiya, kankatsika pang'onopang'ono kakukhotera kwa ine.

"Kafika pati, mayi?"

"Pa shuga."

"Sikanakwane." Ankapotoza msomali pang'ono, n'kukasiyanso. Kakagunda kapu yanga ya khofi, ndiye kuti zatheka. Ndinkadandaula kuti nsalu ya patebulo yada ndi ufa wakuda uja amathira m'matayala. Iwo ankangoti, "Mukudandaula chiyani? Ndinapangako ndi kamodzi komwe kopita kwa mkazi wina?"

Komalizaka anakapanga nthawi imene masamba amayoyoka, paipi ya mpweya ili m'mphuno, manja akunjenjemera. Ndinkawagwirira thabwa iwo akukwecha ndi sandipepa. Anakapaka penti yobiriwira. Msomali uja anavutika nawo masana ambiri, akapotoza pang'ono n'kukhala pansi kupuma. Tsiku limene kanagunda kapu yanga anakaika m'bokosi la nsapato, n'kunena kuti, "Mukangokapereka pa sikelo basi. Asakakagwire munthu." Khirisimasi itangopita anatisiya.

Anthu anabwera ndi mbale za chakudya sabata yoyamba, kenako phee. Mwana wathu ali kutali ku Arizona, amaimba foni Lamulungu akakumbukira. Mabuku aja pansi pa tebulo sindinachotse. M'mawa ndikamwa khofi ndinkatulutsa kagalimoto, n'kuima kumtunda kumene ankaima iwo, n'kukasiya. Pa malo panga panalibe wokagwira, ndiye ndinkaikapo thaulo lopinda. Kankatsika, kakukhotakhota mwaulemu, n'kukafika pa mpando wangawo. Tsiku lililonse. M'nyumba monse chinthu chokha chimene chinkachitabe zimene a Lyle anachiuza chinali chimenecho.

Loweruka ndinakanyamula m'bokosi lake. Kunja chisanu chinali choluma makutu, pansi pa tchalitchi kukununkha khofi ndi makoti onyowa. Pa sikelo panali a Merle.

"Mayi Brandvold, mwabweretsa ka mkulu uja? Munthu ameneyu, chigonere akufunabe kutipitirira."

Ndinaseka. Ndikuvomera kuti ndinaseka, poti panali patapita nthawi munthu asanawatchule ngati munthu. Anakaika pa sikelo, kulemera kunali ndendende. Anakamata nambala, n'kukaika pa tebulo la kuseri kwa chingwe. Nonse mukudziwa mwambo wake. Kagalimoto kakadutsa chingwe chija sikagwiridwanso, ngakhale ndi mwini wake, mpaka woyambitsa mpikisano akanyamule. A Lyle anamenyapo dzanja la m'busa wakale chifukwa m'busayo ankafuna kupukuta fumbi pa kagalimoto kake komwe. Ndiye mtima wanga unali m'malo. A Arlene, akazi a Merle, atandiitana kuti ndikawathandize makeke, ndinapita.

Zimene sindinkadziwa n'zoti komiti ya mpikisano inakumana mu Januwale, dothi la pamanda pa amuna anga lisanakhazikike, n'kuika lamulo latsopano. Matayala onse anayi azikhudza pansi, misomali ikhale yowongoka. Ati kuti madoda ongoyamba kumene asamagwe ulesi. Palibe anabwera kudzandiuza. Nyumba yanga ili poonekera pa msewu wopita ku positi.

Ataitana nambala yathu ndinapukuta manja n'kukaima kumapeto kwa njanji. Kachitsulo kanakokedwa. Ndinamva ndi makutu ndisanaone ndi maso. Timagalimoto ta a Lyle tinkatsika mwakachetechete. Aka kanatsika kakulira khotcho khotcho, kakumenya kamzere kumanja ndi kumanzere ngati kaledzera. Pofika pathyathyathya anzake anali atadutsa kale. Kanakwawa, n'kuima kasanafike pa mzere womaliza.

Ndiye anthu anaomba m'manja. Anaimirira n'kuomba m'manja, ena akupukuta misozi, ngati aona nkhalamba yayesetsa kuwoloka msewu. M'busa anati ndi chithunzi chokongola cha ulendo wa m'bale wathu. A Lyle sanathereko kumbuyo moyo wawo wonse, ndiye tsiku lomaliza anthu akuwaombera m'manja achisoni.

Ndinakatola n'kukatembenuza. Pa mitu ya misomali yakutsogolo panali mano a pulayazi. Ndinakaika pa tebulo, matayala onse anayi anakhala pansi.

"A Merle, wagwira ndani?"

Anavula chipewa. "Mayi, khalani kaye pansi."

"Ndili ndi mipando kwathu. Wagwira ndani?"

"Ndi ine. Ndinaona mochedwa kuti tayala lili m'mwamba. Pa lamulo latsopanoli kanayenera kuchotsedwa mu mpikisano. Ndinati mayiwa abwera okha m'chisanu chonsechi, ndikawabwezera bokosi lawo ziwapweteka. Ndiye ndinangokonza pang'ono."

"Mwakonza."

"Ndimafuna kathamange, Verna. Anali mnzanga."

"Khitchini ili apo. Mawu anga mumawamva ndikukangana ndi akazi anu za mpeni. Miyendo inakana?"

A Arlene anandigwira mkono, ati tiyeni mumwe kenakake kotentha. Wina anandipanikiza kaliboni kabuluu m'manja, kolembedwa kuti mtima wa mpikisano. Ndinakasiya pa mbale ya zinyenyeswa.

Akanandifunsa ndikanati chotsani. Ndikanabwerera nako kwathu kosathamanga, koma kali mmene manja a amuna anga anakasiyira. Mpikisano unali wa iwo, ine zikho zadzaza kale m'galaja.

Lamulungu m'mawa sindinapite ku tchalitchi. Ndinaika thaulo pa malo panga, ndinaima kumtunda, ndinakasiya. Kanatsika molunjika, osayang'anako n'komwe kumanzere, kanadutsa shuga, kanadutsa kapu, n'kukagwa pansi kumapeto kwa tebulo. Ndinakatola. Ndinayesanso. Chimodzimodzi. Ndinatenga pulayazi ya a Lyle m'dirowa, ndinaigwira nthawi yaitali, ndinaibweza. Sindidziwa kuti ankapotozera mbali iti. Zaka zonse zija ine ndinkakhala kumunsi, ntchito yanga inali kugwira.

Lachiwiri a Merle anagogoda, atanyamula mbale ya mbatata ndi nyama yochokera kwa a Arlene.

"Ndikhoza kuipindanso, mayi. Ndinkawaona mmene ankachitira. Kazikhotanso bwinobwino."

"Mupinda ndi manja a ndani?"

Anaima pakhonde akuyang'ana nsapato zawo. Mbale ndinalandira, poti a Arlene sanalakwe. Chitseko ndinatseka.

Kagalimoto kali m'bokosi. Mabuku a foni ndawachotsa, tebulo lakhala mowongoka, ndipo ndimadyera pa kauntala choimirira.

Pepalali ndalimata pa bolodi pafupi ndi mphika wa khofi, kuti nonse a komiti muliwerenge, ndi inu nonse amene munali m'chipinda chija. Sindikufuna maluwa, sindikufuna liboni, ndipo musayerekeze kutchula mpikisano wa chaka chamawa dzina la amuna anga, ndamva kale kuti mukunong'onezana zimenezo. Ambiri a inu munaona a Merle akulowa kuseri kwa chingwe ndi pulayazi. Lamulo la chingwe ndi lakale kuposa ana anu. N'chifukwa chiyani panalibe ndi mmodzi yemwe woti anene kuti imani kaye, mwini wake ali kukhitchini? Benchi imene ndimakhala m'tchalitchi mukuidziwa, nyumba yanga mukuidziwa. Musanditumizire m'busa. Bwerani nokha mudzandiyankhe.