Mavoisi Atatu ndi Makina a Amayi

Ndinafika ku Zengeza Lamulungu m'mawa monga tinapanganirana pamaliro, koma ndinapeza katundu wa amayi atagawidwa kale dzulo lake.

M'chipinda chawo munangotsala bedi lopanda matiresi ndi kalendala ya chaka chatha. Pakona pomwe pankakhala makina osokera panali zipsera zinayi za miyendo yake pa polishi wofiira. Ndinaima n'kumayang'ana zipserazo mpaka wina anandigwira paphewa n'kunditembenuza. Anali azakhali a Marjory, akazi a malume Gordon.

Ine sindimva. Makutu anga anatsekeka ndili Fomu 2, nditadwala matenda oumitsa khosi. Kuyambira pamenepo ndimawerenga milomo ya anthu, zina ndimapeza, zina ndimaphonya. Kulankhula ndimalankhula, koma sindidziwa ngati ndikukuwa kapena ndikunong'ona, ndiye nthawi zambiri ndimangokhala chete.

"Unali kuti dzulo, Nokutenda?" anatero azakhali, atayasamula kwambiri ngati ali kwa dokotala wa mano. "Tinalengeza pa gulupu."

"Munalemba?"

"Malume ako anatumiza voisi."

"Makina ali kuti, azakhali?"

Anayankha atayang'ana kukhomo, ndiye sindinaone milomo. Anandipatsa pulasitiki. Munali zitenje ziwiri, Baibulo la amayi ndi nsapato zomwe sizindikwana. Potuluka ndinasuzumira pawindo la chipinda cha mwana wawo Charmaine. Makina anali m'menemo, akuda, opalasa ndi phazi, pamwamba pake atasanjikapo mafuta odzola ndi wigi.

Gulupu ya banja lathu pa WhatsApp imatchedwa "Ana a Kefasi", dzina la agogo omwe anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu. Tinalimo anthu makumi awiri ndi atatu. Malume Gordon amakweza anthu m'makombi, maminibasi a kuno, pa Town Centre, ndipo kulemba amati kumawachedwetsa. Amangodina foni n'kulankhula, mphindi zisanu, mphindi zisanu ndi ziwiri. Ena onse anatengera zomwezo. Ine pafoni ndinkangoona timizere tokwera n'kutsika ngati mano a chipeso. Kangapo konse ndinalemba kuti, "Malume, lembani chonde, sindikumva." Iwo ankayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu, kenako voisi ina.

Ndinayesapo pulogalamu ina yosandutsa mawu kukhala zilembo. Imeneyo imadziwa Chingerezi chokha. Ife kwathu chiganizo chimayamba m'Chichewa, n'kudutsa m'Chishona, n'kukathera m'Chingerezi, ndiye inkangondilembera zopanda mutu. Ndinaichotsa. Koma mavoisiwo sindinafufute ndi imodzi yomwe. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkaona ngati ndi makalata anga omwe sindinawatsegule.

Maliro atatha ndinasamukira ku Unit L, kwa mayi a Tatenda, mnzawo wa amayi yemwe amagulitsa zovala za kaunjika. Amayi ndi amene ankawachepetsera ndi kuwasokera zong'ambika, ine ndikupalasa. Iwonso ndi mwana wa pafamu, Chichewa chawo sichinasungunuke. Nditabwerako ku Zengeza tsiku lija anandipeza pakhonde nditakumbatira pulasitiki ija. Ndinawapatsa foni, kope langa lakale la Jogalafe ndi cholembera.

"Mundimverere," ndinatero. "Zonse. Kuyambira pomwe amayi anagonekedwa."

Anakhala pansi, natambasula miyendo, naika foni kukhutu. Poyamba ankaseka. Analemba m'kopemo kuti, *Malume ako akukangana ndi dalaivala, aiwala kuti akujambula.* Kenako, *Za mbuzi. Za mbuzi kachiwiri.* Dzuwa linachoka pakhonde n'kukafika pampanda. Ndiye anafika pa voisi ya masekondi makumi anayi ndi asanu ndi atatu, ndipo nkhope yawo inasintha.

Imeneyo ndinkaidziwa. Amayi anaitumiza ali m'chipatala, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti atisiye. Tsiku limenelo ndinalembera Charmaine kumufunsa zomwe amayi anena. Anandiyankha m'Chishona, monga amachitira nthawi zonse: *Vari kungokwazisa vanhu.* Akungopereka moni.

Mayi a Tatenda anaimvera katatu. Analemba pang'onopang'ono, akupukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje.

*Achimwene, ndi inu nonse apabanja. Manja akunjenjemera, sindingathe kulemba. Makina anga ndi a Noku. Ndamuphunzitsa ndekha kuti asadzapemphe mchere pakhomo pa munthu. Wina amulembere zimenezi, chonde, mwana wanga adziwe.*

M'munsi mwake analemba yankho la malume: *Tamva, mlongo wanga. Makina ndi a mwana. Palibe angawakhudze ine ndili moyo.*

Ndinawerenga kawiri. Anthu makumi awiri ndi mmodzi anamva. Onse ali ndi zala.

Mayi a Tatenda anapitiriza kumvera mpaka anafika pa Lachinayi la sabata yomwe yangothayo. Apo anaika cholembera pansi, napukusa mutu. Ndinachitola n'kuwabwezera m'manja. Kenako analemba. Inali ya azakhali a Marjory.

*Tiyeni tigawe Loweruka, matsi uyu asanabwere. Haanzwi, adzadziwa bwanji? Makina apite kwa Charmaine, iye ndiye angalankhule ndi makasitomala.*

M'Chishona matsi ndi gonthi, haanzwi ndi kuti samva. Mawu amenewo ndinayamba kuwawerenga pamilomo ndili ndi zaka khumi ndi zinayi. Chomwe chinandiwawa si dzinalo ayi. Anazinena pa gulupu ine ndilimo, dzina langa ndi chithunzi changa zili pomwepo, monga ankachitira pabalaza kunditembenuzira msana n'kumakamba za ine. Anazolowera kuti mawu akatuluka pakamwa, kwa ine amathera mumphepo. Anaiwala kuti foni siitaya kanthu.

Sindinalire. Ndinaika kanyenyezi pa mavoisi atatuwo.

Nyaradzo, mapemphero otonthoza ofedwa, inali kudzachitika patatha masabata atatu. Masiku onsewo ndinakonzekera ngati mayeso. Masana, makasitomala akachepa, ndinkatenga mthiko kukhala maikolofoni, mayi a Tatenda n'kukaima kumpanda. Ndikalankhula motsitsa ankakweza dzanja, ndikakuwa ankalitsitsa. Chiganizo changa chinali chimodzi chokha, ndipo ndinachibwereza mpaka khosi linaloweza malo ake. Anandionetsanso komwe mawu amatulukira pafoni, kumunsi, kuti ndisalozetse mbali yolakwika.

Tsiku lina analemba m'kope muja: *Ziwiri zoyambazo zikukwana. Makina ubwezeredwa. Yachitatuyo ndi mpeni, mwanawe. Ukabaya malume ako pagulu, ukwati wako adzaimirira ndani?*

Ndinalemba m'munsi mwake: *Ukwatiwo adzaulengeza pa voisi, ine osadziwa.*

Anaseka mpaka kudzigwira pamimba, kenako anasiya. "Ndanena," anatero, ndipo milomo imeneyo ndinaiwerenga bwinobwino.

Loweruka la nyaradzo tenti inadzaza bwalo n'kutulukira mumsewu. Kunali amayi a chigwirizano atavala mabulauzi oyera, aneba a m'mzere wonse, ndi anzawo a malume a ku makombi ataima kumbuyo, zipewa zili m'manja. Anabwereka chimkuzamawu chachikulu cha ku tchalitchi n'kuchiika pampando pafupi ndi tebulo la abusa. Charmaine anavala diresi lomwe anasoka yekha. Mpendero wake unali wokhota, kutsogolo kwafupika, ndipo ulusi wapansi unali utakwinyika. Sanadziwe kumasula kasikuluwu ka bobini. Ndinayang'ana mpenderowo nthawi yonse ya nyimbo.

Malume analankhula nthawi yaitali, atavala suti, akudziguguda pachifuwa ndi kupukuta m'maso. Ndinagwirapo mawu angapo: *mlongo wanga*, *mwana wamasiye*, *udindo wanga*. Atatha, abusa analoza kwa ine ndi dzanja lotambasula. Malume anagwedeza dzanja mokana, akumwetulira. "Wamanyazi," anatero.

Ndinaimirira.

 Kuchokera pampando wanga kukafika patebulo panali mapazi khumi okha, koma ndinaona nkhope iliyonse ikutembenuka. Abusa anandipatsa maikolofoni. Ndinayang'ana kumbuyo kwa tenti komwe kunakhala mayi a Tatenda. Dzanja lawo linali lokonzeka pabondo.

"Ine sindinawamve amayi anga," ndinatero, "ndiye ndikupempha mundimverere."

Dzanjalo silinasunthe. Ndinalozetsa kumunsi kwa foni pa maikolofoni, ndinadina, ndipo dzanja langa lamanzere ndinaliika pa chimkuzamawu.

Chinanjenjemera. Kunjenjemera kofewa, koduka, koima n'kuyambanso, monga munthu wopuma movutika. Awo anali amayi. Kadontho ka pafoni kanayamba kuyenda pamzere. Mayi wina wa chigwirizano anagwira pakamwa. Wina anaponya mutu kumbuyo, kukamwa kuli yasa. Anthu omwe ankasewera ndi mafoni awo anadzutsa mitu. Masekondi makumi anayi ndi asanu ndi atatu ndi nthawi yaitali ukamaiwerenga pankhope za anthu.

Ndinadina yachiwiri. Chimkuzamawu chinagunda mwamphamvu m'dzanja langa, mawu a munthu wozolowera kuitanira makombi. Malume anamwetulirabe, akugwedezera mutu anthu uku ndi uku, ngati akuti, mwamva nokha, ndinalonjeza. Koma maso awo anali pa chala changa.

Apa ndikanatha kukhala pansi. Mayi a Tatenda anali atadzutsa dzanja, chikhatho chikuloza kwa ine. Basi. Ndinawaona. Ndinayang'ananso azakhali a Marjory, omwe anali ataimirira kale, mbale ya mabanzi ili m'manja, milomo yawo ikupanga dzina langa. Ndinakumbukira zipsera zinayi zija pa polishi.

Ndinadina yachitatu.

Sindingauze munthu mmene inamvekera. Ndinangoona mbale ikupendekeka, mabanzi akugubuduzika m'fumbi. Cha kumapeto chimkuzamawu chinagwedezeka mofulumira, timagwedezo tating'onoting'ono, ndipo ndinadziwa kuti pali chinthu chomwe mayi a Tatenda sanandilembere: azakhali anaseka pomaliza voisi yawo. Tenti yonse inamva kuseka kumeneko. Mkulu wa amayi a chigwirizano anatembenuka ndi mpando womwe n'kuwayang'ana azakhali kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mmodzi wa anthu a ku makombi anavala chipewa chake n'kumapita. Charmaine anakokera diresi lake m'munsi ngati angabise mpendero.

Malume anafika pa ine, akulankhula mofulumira, malovu akuthovoka. Sindinapeze ndi liwu limodzi lomwe. Ndinatulutsa cholembera m'thumba n'kuwapatsa pamodzi ndi pepala la ndondomeko ya mapemphero.

"Lembani, malume," ndinatero. Mayi a Tatenda anandiuza pambuyo pake kuti maikolofoni inali idakali pakamwa panga.

Sanalembe. Abusa anawagwira pamkono n'kulowa nawo m'nyumba pamodzi ndi akuluakulu awiri a mpingo. Ine ndinabwerera pampando wanga. Anthu a mbali zonse ziwiri anasendeza mipando yawo pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kundipatsa ulemu kapena kundiopa. Ndinadya mpunga wanga wonse.

Makina anafika ku Unit L Lolemba masana, pa ngolo yokankha. Amayi awiri a chigwirizano ankayenda pambali pake ngati akuperekeza mkwatibwi. Wachibale sanabwere ndi mmodzi yemwe. Pamwamba pake panali bwalo la mafuta odzola lomwe silinachoke ngakhale ndinapukuta ndi palafini. M'kabati kake munalibe sizasi ya amayi. Pa gulupu anali atandichotsa kale Loweruka lomwelo.

Mayi a Tatenda sanandilankhule za nkhaniyi kwa masiku awiri. Lachitatu anandiunjikira mathalauza khumi ofunika kuchepetsa, nandilembera pachikutiro cha kope: *Mtima wako ndi wa agogo ako a Kefasi. Usoke mowongoka.*

Ndili pa thalauza lachitatu, foni inanjenjemera patebulo. Anali malume. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, analemba. Zilembo zenizeni, zodzaza zolakwika, zooneka kuti zawatengera nthawi.

*Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ukanabwera tikambirane ngati banja. Makina wawalandira? Yankha.*

Ndinawerenga mpaka kumapeto. Ndinamasula kasikuluwu ka bobini pang'ono, ndinaika nsalu pansi pa singano. Kenako ndinatsamiritsa foni pathupi la makina, ndinadina kachithunzi ka maikolofoni komwe ndinali ndisanakagwiritsepo ntchito, ndipo ndinayamba kupalasa. Chitsulo chinagunda m'mapazi anga, n'kukwera m'mawondo mpaka m'chifuwa, monga chinkachitira amayi akakhala pambali panga. Ndinasoka mwendo wonse, ndinatembenuza, ndinasoka winawo. Mphindi zisanu ndi ziwiri.

Voisiyo ndinawatumizira malume. Patapita kanthawi kachizindikiro kanasanduka kabuluu, kusonyeza kuti aitsegula. Ndinatenga thalauza lachinayi.