Pansi pa Chishalo cha Bauleni

Bauleni analowa pagalaja ya Davison ku Old Town akukankha njinga yake yamoto, thukuta lili kamukamu. Kumbuyo kwake kunali bokosi la chakudya cha mayi Eveless, amene ankaphikira anthu a m'maofesi ku City Centre. Njinga inali itamuzimiranso pamlatho, ngati dzana. Mayiwo anali atamuchenjeza kale kuti chakudya chikadzafikanso chozizira, ntchitoyo adzapatsa wakabaza wina.

"Wakuba iwe!" anakuwa Bauleni. "Unandiikira batire yakufa, yanga yabwinobwino n'kugulitsa!"

Akabaza anzake amene ankadikira pamthunzi anasendera pafupi. Mkangano wa eni ake umakoma kuonerera.

Davison, makaniko wa imvi zam'mbali, anangoyamba ntchito. Anatchaya njingayo ndi batire ina, anagunditsa mawaya a kamita kake koyezera magetsi, n'kukoka moto. Injini inalira mpaka kugonthetsa m'kutu, koma manambala sanakwere.

"Mwaona, abusa? Batire ilibe mlandu. Ikudyedwa, koma palibe chikuibwezera. Zoibwezera moto ndinaziona kale: rekitifaya ndinasintha, koyilo ndinayeza, ili bwino. Moto ukutayika panjira, ndipo mawaya ake amadutsa pansi pa chishalo. Ndichotse?"

"Chishalo changa usachikhudze. Ndinakuuza kale."

"Ndiye ndilote? Ine si mlosi. Mukabisa matenda, maliro tidzawamva."

Anthu anaseka. Bauleni ankatchedwa abusa chifukwa ndiye ankatsogolera pemphero pasiteji m'mawa uliwonse, ndipo pakamwa pake sipankachoka mawu odzudzula anzake opita kwa asing'anga. Munthu wake anali wokula mtima, wosadziwa kunena kuti pepani ngakhale atakuponda chala.

"Manja ako ndi aatali, ndikudziwa," anatero. "Ukufuna ubenso china."

Foni inalira m'thumba mwake. Anali mayi Eveless, ndipo mawu awo anamveka kwa aliyense. "A Bauleni, anthu akundiimbira kuno. Mukufika, kapena nditume Clifton adzatenge bokosilo?"

Clifton, wakabaza mnzake, anali pomwepo pagulu la oonerera. Anayamba kale kuvala chipewa chake, akumwetulira ngati galu waona fupa.

Bauleni anayang'ana bokosi, anayang'ana Clifton, mantha anamugwira. Ntchito ya mayi Eveless ndiyo inkadyetsa ana ake.

"Chotsa," anatero chapansipansi.

Davison anamasula mabawuti, anatukula chishalo pang'ono n'kulowetsa mutu. Pachitsulo panali kachithumwa kansalu yakuda, kothamangitsa ngozi ndi akuba. Kanali komangidwa ndi waya wolimba, ndipo amene anamangayo anakulungira limodzi mawaya ochokera ku koyilo. Mabampu a mumsewu anali atachita zawo. Wayayo anadya mphira mpaka kudula chingwe chimodzi, china chikukhudza chitsulo.

Davison anadula kachithumwako ndi pulayala, n'kukafumbata. Palibe anaona, koma Bauleni yekha.

"N'chiyani, madala?" anafunsa Clifton akusuzumira.

"Dikira, mwini wake anena kaye mawu." Davison anasendera kukhutu kwa Bauleni. "Munanditukwana mokweza, abusa. Mupepesenso mokweza. Apo ayi, nditambasula dzanjali, mpingo wanu wonse uone."

Bauleni anapsa mtima, koma maso anali pa nkhonya yakuda ndi oyilo ija.

"Pepani."

"Sindinamve. Makutu anga anatha ndi mainjini."

"Pepani, a Davison! Simunabe kanthu. Ndinalakwa ndine!"

Akabaza anayang'anana modabwa. Chiyambire, mawu amenewo anali asanatulukepo m'kamwa mwa Bauleni.

"Waya anaperepeseka basi," Davison anauza gululo. Analumikiza mawaya, anakulunga tepi, anabwezera chishalo. Atatchaya njinga, manambala pakamita anakwera bwinobwino. Clifton anavula chipewa n'kulavula pansi.

Bauleni atakwera njinga, Davison anamugwira dzanja ngati akutsanzikana. Bauleni anayembekeza kulandira kachithumwa kake, koma m'dzanjamo munalibe kanthu. Davison anasisita thumba la ovolosi yake.

"Kameneka ndisunga ine. Tsiku limene mudzanditchulenso wakuba, ndidzabwera nako kupemphero. Thamangani, chakudya chikuzizira."

Chakudya chinafika ku City Centre chikadali chofunda, ndipo ntchito inatsala m'manja mwa Bauleni. Koma kuyambira tsikulo, akamadutsa pagalajapo ankachepetsa liwiro, n'kuyamba iye kupereka moni.