Mainchi Anai a Amalume

Ndinapima kawiri konkire ya pamwamba pa mtanda wachitsulo, mutu n'kunditentha. Pulani yanga, ine injiniya, inati mamilimita 150, koma amalume a Robson, kapitao wathu, anathira mainchi anai basi.

"Amalume, apa pakuperewera mainchi awiri."

"Febian, ndamanga kumgodi wa Kabwe zaka makumi awiri popanda mamilimita ako obwera dzulowa," anatero. "Chitsulo chinyamula chokha. A Chipani akubwera Loweruka kudzatsegula holoyi."

Ndinawauza kuti masamu anga anamanga chitsulo ndi konkire pagoli limodzi ngati ng'ombe, ndipo imodzi ikaonda inzake imagwada. Iwo anangolamula antchito kuti agwetse mizati yochirikiza. Ankadziwa kuti sindingawakalipire pagulu, poti anandilera ndi iwo.

Ndinakoka njerwa ziwiri n'kukhala pansi penipeni pa mtandawo.

"Gwetsani, amalume. Loweruka pano padzaima amai oimba a ku Katondo, ndiye lero payambe ine. Mlongo wanu mukamuuza nokha."

Antchito anaima, nyundo m'manja. Amalume anayang'anitsitsa mtanda uja, kenaka ine.

"Wati mainchi angati?"